Mwaye wa Pagalasi ndi Fumbi la Pakati pa Nyenyezi

## Kagalasi kamene ndikusungabe

Papita zaka zingapo tsopano, koma kagalasi kamene ndikufuna kukamba pano ndikukasungabe m'kabotolo kotsekedwa bwino, ndipo nthawi iliyonse ndikakayang'ana ndimakumbukira usiku umene ndinatsala ndekha m'labotale, maso ali pa kompyuta, mtima ukugunda ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali. Kagalasiko n'kozungulira, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kunena zoona si galasi ayi, koma mchere wa potassium bromide woumbidwa mpaka kuonekera mbali ina. Timagwiritsa ntchito mchere umenewu chifukwa kuwala kwa infrared, kumene sikuoneka ndi maso, kumadutsamo bwinobwino, pamene galasi wamba limameza kwambiri kuwala koteroko. Vuto lake ndi lakuti umakoka chinyezi, moti ukangoupumira kapena kuukhudza ndi chala, umachita chifunga nthawi yomweyo.

Pa nthawiyo ndinali m'chaka changa choyamba cha kafukufuku, ndipo ntchito imene ndinapatsidwa inali yopanga mwaye. Ndinkatenga timitengo tiwiri ta graphite, chinthu chakuda chija chimene chimakhala m'kati mwa pensulo, n'kutiika moyang'anizana m'chimphika chachitsulo chimene tinkachipopa mpweya wonse n'kulowetsamo heliyamu pang'ono. Ndikayatsa magetsi amphamvu, pakati pa timitengoto pankabuka moto woyera wothobwa m'maso, ndipo utsi wopyapyala unkakwera pang'onopang'ono n'kukamatirira pa kagalasi kamene ndinkakaika pamwamba. Ndikatsegula chimphikacho, kagalasiko kankakhala katasanduka kofiirira, ngati galasi la nyali imene yayaka usiku wonse. Mwaye umenewu unali kaboni yekhayekha, ndipo ndinkayenera kuusamutsira m'chimphika china, kuuwomba ndi maatomu a haidrojeni kwa maola ambiri, kenako kuupima ndi kuwala kwa infrared kuti ndione ngati wasintha.

Usiku umenewo mzere wa pa kompyuta, umene kwa masabata ambiri unkangoyenda phwatalala, unatsika mwadzidzidzi pa 3.4 micron (uku ndi kutalika kwa funde la kuwala, ndipo micron ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a milimita) n'kupanga chigwa chakuya chokhala ndi timapewa take titatu. Ndinatenga pepala limene ndinali nditamata pakhoma, la spectrum (mzere wosonyeza mphamvu ya kuwala pa funde lililonse) ya pakati pa Mlalang'amba, gulu lalikulu la nyenyezi limene dzuwa lathu lilimo, ndinaliika pambali pa kompyuta, ndipo zinthu ziwirizo zinafanana ngati mapasa. Ndinakhala chete nthawi yaitali, ndikudzimva kuti m'kachipinda kopanda mawindo ndagwira ndi manja chinthu chimene chili kutali mtunda umene kuwala kumayenda zaka 26,000.

## Chimene tinkasaka

Pakati pa nyenyezi sipali pululu monga maso amatiuzira. Mu 1930, Robert Trumpler wa ku Lick Observatory anasonyeza kuti kuwala kwa magulu a nyenyezi akutali kumafika kwa ife kutachepa mphamvu ndiponso kutafiira, chifukwa m'njira kumakumana ndi fumbi. Fumbi limeneli ndi lochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwa zonse zimene zili pakati pa nyenyezi, ndipo timibulu take tambiri sitifika ngakhale micron imodzi, kotero kuti n'koyenera kuliyerekeza ndi utsi kusiyana ndi fumbi la pamsewu. Lina ndi la miyala, lina ndi la kaboni. La kaboni limabadwira makamaka m'mphepo yotuluka m'nyenyezi zokalamba zimene zili ndi kaboni wambiri kuposa okosijeni, monga IRC+10216, nyenyezi imene yadzikuta m'mwaye wake womwe mpaka sioneka bwino ndi kuwala wamba.

Chimene chimavutitsa ndi chakuti palibe amene angapite kumitambo yakutaliyo n'kukatapako supuni imodzi. Chimene tili nacho ndi kuwala basi. Kuwala kwa nyenyezi kukamadutsa m'fumbi, fumbilo limameza zigawo zina za kuwalako, ndipo malo amene lamezawo amaoneka ngati zigwa pa spectrum. Chigwa cha pa 3.4 micron chinaoneka bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 poyang'ana nyenyezi za pakati pa Mlalang'amba, makamaka yotchedwa IRS 7, ndipo chimabwera pamene atomu ya haidrojeni yolumikizana ndi ya kaboni ikunjenjemera, kuyandikira ndi kutalikira ngati yamangidwa pa sipuling'i. Choncho ntchito ya labotale ndi kupanga zinthu zosiyanasiyana za kaboni, kuzipima ndi kuwala kofanana, n'kufunsa kuti n'chiti chimene chikusiya chidindo chofanana ndi chakumwambacho.

Panali mwambi umene unkatisowetsa tulo. Chigwa chimenechi chimaoneka m'mitambo yopyapyala, kumene kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet kuli kochuluka ndipo kumadula haidrojeni kuichotsa pa kaboni, koma sichioneka m'mitambo yothithikana yamdima, kumene munthu angaganize kuti fumbi latetezedwa. Gulu la Vito Mennella ku Naples linasonyeza mu 1999 kuti mwaye wa kaboni ukawombedwa ndi maatomu a haidrojeni umayamba kuonetsa chigwacho, kutanthauza kuti m'mitambo yopyapyala, kumene maatomu oyenda okhaokha ali ambiri, zimene ultraviolet yagumula haidrojeni amazimanganso. M'mitambo yamdima haidrojeni amakhala awiriawiri ndipo timibulu timakutidwa ndi ayezi, choncho womanganso palibe. Ine ndinkangoyenera kubwereza ntchito imeneyi pa makina athu tisanapite patsogolo, ndipo usiku uja ndinakhulupirira kuti ndakwanitsa, komanso kuti chigwa changa chinali chakuya kuposa chimene aliyense ankayembekezera.

## Funso la achikulire

M'mawa mwake woyamba kufika anali bambo amene ankasamalira makina onse a m'labotalemo, munthu wa imvi amene tonse tinkangomutchula kuti achikulire. Iwo sankalemba mapepala a kafukufuku, koma pampu iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake, ndipo akamadutsa m'khonde ankatha kuima n'kunena kuti makina akuti akudwala. Ndinawakokera pa kompyuta ndisanawapatse n'komwe moni woyenera. Anavala magalasi awo, anayang'ana chigwacho kwa kanthawi, kenako anakuza chithunzicho n'kuloza kaphewa kapakati ndi nsonga ya cholembera.

"Achimwene, chigwachi n'chokongola ndithu," anatero motsitsa mawu. "Koma galasi lopanda kanthu lili kuti?"

Ndinawayankha kuti sindinaikemo lina, chifukwa malo oikapo anali amodzi ndipo sindinkafuna kutaya usiku wathunthu ndikupima galasi loyera. Iwo sanandidzudzule. Anangozungulira kuseri kwa chimphikacho, anagwada, n'kugwira ndi dzanja kachitini kachitsulo kamene kali pakati pa pampu ndi chimphika. Kachitini kameneka timakathira naitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, kuti nthunzi ya mafuta a pampu ikamabwerera m'mbuyo iziundana pamenepo isanafike pa zimene tikupima. Kakakhala kodzaza sungakagwire ndi dzanja, ndipo kunja kwake kumachita chipale choyera. Tsiku limenelo achikulire anakagwira ndi chikhatho chonse, ndipo m'munsi mwake munali kadziwe ka madzi amene anasungunuka usiku.

"Munathira nthawi yanji komaliza?" anafunsa.

Ndinayesa kukumbukira, ndipo ndinazindikira kuti ndinathira masana, ndipo madzulo, chifukwa chotanganidwa ndi haidrojeni, sindinabwererenso. Ndinayamba kudziteteza. Ndinanena kuti mafuta sangapange chigwa chofanana chonchi ndi cha pakati pa Mlalang'amba, ndipo ndinawasonyeza pepala la pakhoma lija. Iwo anatenga pepalalo, analiika pa galasi la kompyuta kuti mizere iwiriyo isanjikizane, n'kundiuza kuti ndiyang'ane bwino timapewa tija. Kaphewa ka pa 3.38 kamachokera ku kaboni wa kumapeto kwa tcheni, amene ali ndi haidrojeni atatu, pamene ka pa 3.42 kamachokera ku kaboni wa pakati pa tcheni, amene ali ndi awiri. Pa pepala la kumwamba timapewato n'tofewa, tolowererana, ndipo sitisiyana kwambiri kuya kwake, chifukwa matcheni a m'fumbi la kumeneko ndi aafupi ndi anthambinthambi. Pa mzere wanga kaphewa kapakati kanali kakuthwa ndi kakuya kuposa tinzake, monga zimakhalira pamene matcheni ndi aatali. Ndinali nditayang'ana mzerewo usiku wonse, koma kusiyana kumeneku sindinakuone, chifukwa maso anga ankafuna kufanana.

"Tisakangane, achimwene," anatero achikulire. "Tifunse makinawo."

Anatenga kagalasi katsopano ndi kapanira, anakaika m'chimphika popanda mwaye uliwonse, anasiya kachitini kaja kali kouma monga ndinakasiyira, ndipo haidrojeni sitinayatse n'komwe. Tsiku lonselo sindinagwire ntchito ina yomveka. Madzulo titapima, chigwa chinatulukira pa 3.4 micron, pagalasi loyera limene silinaonepo kaboni wanga, ndi kaphewa kake kakuthwa pakati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tsiku limenelo ndinaumva mwambiwo m'mafupa. Chimene ndinachiyesa fumbi la nyenyezi chinali mafuta a pampu imene inkalira pansi pa tebulo langa.

Ndinapita kwa aphunzitsi anga ndili wokonzeka kulandira mawu owawa. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, anafunsa kuti uthenga wa zotsatirazo ndautumiza kwa ndani, ndipo nditanena kuti kwa iwo okha, anangoti tiyamike kuti zathera m'nyumba. Kenako anandipatsa ntchito imene poyamba ndinaiona ngati chilango: kuti ndiwerenge mmene anthu awiri, wina wa ku Heidelberg wina wa ku Tucson, anavutikira ndi mafuta a pampu kwa zaka zambiri.

## Mafuta a pampu ku Heidelberg

Wolfgang Krätschmer wa ku Max Planck Institute for Nuclear Physics ndi Donald Huffman wa ku University of Arizona ankachita ndendende zimene ine ndinkachita: kutentha timitengo ta graphite m'heliyamu n'kupima mwaye wake. Iwo ankasaka chinthu china, linunda lalikulu la pa 217.5 nanomita (nanomita ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a micron) m'kuwala kwa ultraviolet, limene Theodore Stecher analipeza mu 1965 ndi zipangizo zokwezedwa pa roketi, ndipo ambiri ankaganiza kuti limachokera ku timibulu ta graphite. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 iwo anaona kuti mwaye wina unkaonetsa timalinunda tachilendo timene sankatiyembekezera, ndipo anakayikira kuti mwina ndi uve wochokera ku mafuta a pampu. Nkhaniyo anaiika pambali.

Mu 1985 ku Rice University mumzinda wa Houston, Harold Kroto, Robert Curl ndi Richard Smalley, pamodzi ndi ophunzira awo James Heath ndi Sean O'Brien, anawomba graphite ndi laser pofuna kutsanzira zimene zimachitika m'mphepo ya nyenyezi za kaboni, ndipo anapeza kuti maatomu 60 a kaboni amakonda kukhala pamodzi, n'kupanga molekyu yotchedwa C60. Ananena kuti maatomuwo amapanga kampira kobowoka m'kati, kosokedwa ngati mpira wamiyendo, ka zigamba 12 za ngodya zisanu ndi zigamba 20 za ngodya zisanu ndi imodzi. Koma ankapanga tochepa kwambiri moti palibe amene akanatha kutiona ndi maso. Apa m'pamene Krätschmer ndi Huffman anakumbukira mwaye wawo wachilendo uja. Atawupima ndi infrared anapeza mizere inayi yakuthwa, ndipo mawerengero ankanena kuti kampira kolongosoka chotero kayenera kuonetsa mizere inayi yokha.

Chimene chinandigwira mtima si kufananako, koma zimene anachita pambuyo pake. Iwo sanalengeze kuti apeza. Anadziwa kuti mafuta nawonso ali ndi mizere yawo, choncho wophunzira wawo Konstantinos Fostiropoulos anapanga timitengo ta kaboni-13, mtundu wa kaboni wolemererapo pang'ono kuposa kaboni-12 wa masiku onse. Atomu yolemera imanjenjemera pang'onopang'ono, choncho ngati mizereyo ikuchokera ku timitengo iyenera kusuntha, ndipo ngati ikuchokera ku mafuta iyenera kukhala pomwe inali. Mizere inayi yonse inasuntha ndi mlingo woyembekezeka. Mu 1990 anasungunula mwayewo m'madzi osungunulira zinthu otchedwa benzene, madziwo anafiira, ndipo atauma panatsala timiyala ta C60 timene munthu akanatha kutiona pa maikulosikopu. Kroto, Curl ndi Smalley analandira mphoto ya Nobel mu 1996, ndipo mu 2010 gulu la Jan Cami linapeza C60 m'mlengalenga, mu mtambo wa Tc 1, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Spitzer.

Ndinawerenga nkhaniyi kawiri, ndipo ndinaona kuti ine ndi anthu amenewa tinaima pa mphambano imodzi. Iwo anali ndi chinthu chenicheni n'kumachiyesa mafuta, ine ndinali ndi mafuta n'kumawayesa chinthu chenicheni. Kuyang'anitsitsa mzere sikukanathandiza aliyense wa ife, ndipo nzeru kapena mwayi sizimene zinatisiyanitsa. Iwo anapeza funso limene mafuta sakanatha kuliyankha monama.

## Zinthu zambiri zimavala nkhope imodzi

Kuchokera tsiku limenelo ndimachita mantha ndikamva munthu akunena kuti spectrum yake yafanana ndi ya kumwamba. Chigwa cha pa 3.4 micron chimangotiuza kuti pali kaboni wolumikizana ndi haidrojeni, ndipo zinthu zoterozo ndi zosawerengeka: phula la kandulo, girisi, pulasitiki, mafuta a pachala cha munthu. M'zaka za m'ma 1980 Fred Hoyle ndi Chandra Wickramasinghe anasonyeza kuti spectrum ya mabakiteriya ouma imafanananso ndi chigwa cha pakati pa Mlalang'amba, ndipo anafika ponena kuti m'fumbi la pakati pa nyenyezi muli tizilombo. Hoyle sanali munthu wamba, ndiye amene mu 1953 analosera mkhalidwe wa atomu ya kaboni umene umachititsa kuti nyenyezi zizitha kupanga kaboni kuchokera ku heliyamu. Komabe ofufuza ambiri sanavomereze za tizilombozo, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa chinthu chamoyo chimakhalanso ndi okosijeni ndi naitrojeni wambiri amene akanayenera kusiya zidindo zake pamalo ena a spectrum.

Ngakhale kufanana kumene kunabala zipatso kunayamba ngati chongolozera njira chabe. Mizere yowala ya pa 3.3, 6.2, 7.7, 8.6 ndi 11.3 micron, imene imaoneka pafupifupi paliponse pamene ultraviolet ikuwomba fumbi, Alain Léger ndi Jean-Loup Puget mu 1984, kenako Louis Allamandola ndi anzake mu 1985, anaifotokoza kuti ikuchokera ku mamolekyu a PAH, timphete ta kaboni tolumikizana ngati chisa cha njuchi, ndipo gulu la Allamandola linayerekeza kuwala kwa ku Orion ndi mwaye wa utsi wa galimoto. Zimenezi zinatiuza banja, osati dzina la munthu. Panadutsa zaka zoposa 30 kuti mu 2021 gulu la Brett McGuire litchule PAH weniweni ndi dzina lake, cyanonaphthalene, mu mtambo wozizira wa TMC-1, ndipo anatero ndi telesikopu ya wailesi ya ku Green Bank, kumene molekyu iliyonse ili ndi mizere yake yosasokonezeka ndi ya ina.

## Kubwereza ndi deuterium

Aphunzitsi anga sanandiuze chochita. Anandifunsa kuti funso langa limene mafuta sangaliyankhe monama ndi liti, ndipo nditaganiza masiku awiri ndinabwera ndi yankho lakuti tisinthe haidrojeni tiike deuterium. Deuterium ndi haidrojeni yemweyo koma wolemera kawiri, ndipo akalumikizana ndi kaboni chigwa chake chimachoka pa 3.4 n'kupita cha pa 4.6 micron. Mafuta a pampu ali ndi haidrojeni wamba, choncho ngakhale atalowa m'chimphika sangathe kudziika pa 4.6.

Tisanayambe, ine ndi achikulire tinamasula chimphika chonse, tinatsuka chigawo chilichonse, tinachikulunga ndi malamba otenthetsera n'kuchiwotcha masiku atatu kuti uve womatirira m'zipupa utuluke. Iwo anasula choikapo chatsopano cha malo awiri, amodzi a galasi la mwaye, ena a galasi lopanda kanthu, ndipo pambali pa kachitini ka naitrojeni anapachika pepala lolembapo nthawi imene munthu wathira. Kenako ndinayamba kudikira. Sabata yoyamba sipanaoneke kanthu. Sabata yachiwiri panaoneka kakupindika kakang'ono kamene sindinayerekeze kukatchula dzina. Pa sabata yachitatu, nditaphatikiza miyeso yambiri kuti phokoso lichepe, chigwa chinaoneka pa 4.6 micron, chosaya, chofewa m'mapewa, ndipo pagalasi lopanda kanthu panalibe chilichonse. Chinali chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi cha usiku uja, ndipo sichinali chatsopano kwa wina aliyense, popeza ku Naples anali atasonyeza kale. Koma nditaitana achikulire kuti adzaone, anayang'ana magalasi onse awiri, woyamba wopanda kanthu uja, n'kugwedeza mutu kamodzi, ndipo chimwemwe chimene ndinamva chinali chodekha, chosiyana kotheratu ndi kugunda kwa mtima kwa poyamba paja.

Ndiyenera kunena pano kuti ngakhale zotsatira zoyera sizitanthauza kuti tapanga mlengalenga m'chimphika. Makina opopera mpweya ngati athu amasiyabe mamolekyu mamiliyoni angapo m'kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse, pamene m'mitambo yopyapyala mumakhala maatomu makumi kapena mazana ochepa. Zimene fumbi limakumana nazo m'zaka zikwi zambirimbiri ife timaziunjika m'maola ochepa, ndipo nthawi zonse timayenera kudzifunsa ngati kufulumizitsako sikukusintha zotsatira zake.

## Zaka 93 za kudikira

Amene anandiphunzitsa kukula kwa kudekha kumene ntchitoyi imafuna ndi anthu a ku Basel. Mu 1922 Mary Lea Heger, wa ku Lick komweko, analemba za mizere iwiri yosadziwika m'kuwala kwa nyenyezi, cha pa 578 ndi 580 nanomita. Lero mizere yamtundu umenewu yodziwika yaposa 500, ndipo kwa zaka zambiri panalibe ngakhale umodzi umene mwini wake ankadziwika. Mu 1994 Bernard Foing ndi Pascale Ehrenfreund anapeza iwiri pafupi ndi pamene gulu la John Maier la ku Basel linali litapima C60 wotaya elekitironi imodzi, koma kupimako kunachitikira m'ayezi wa neon, amene amasunthitsa mizere pang'ono. Kufananako kunali kokopa, ndipo ambiri akanakhutira nako. Maier ndi anzake anatha zaka zina pafupifupi 20 akumanga msampha wogwira mamolekyuwo ali okhaokha, osakhudza chipupa chilichonse, n'kuwaziziritsa mpaka madigiri 6 okha pamwamba pa kuzizira kotheratu. Mu 2015 anapeza mizereyo pa 957.7 ndi 963.2 nanomita, pomwepo pamene ya kumwamba ili. Yotsalayo, mazanamazana, ikudikirabe eni ake, chimodzimodzi linunda la Stecher lija, limene telesikopu ya James Webb inaliona mu 2023 mu mlalang'amba wa nthawi imene chilengedwe chinali chisanakwanitse zaka biliyoni imodzi.

## Fumbi logwirika ndi manja

Pali njira ina imene fumbili limafikira m'labotale, ndipo nayonso imadalira funso lomwe lija. Mu 1987 gulu la Roy Lewis ndi Edward Anders ku University of Chicago linasungunula miyala yogwa kuchokera kumwamba m'maasidi amphamvu mpaka pafupifupi mwala wonse unatha, ndipo m'zotsalira anapeza timadayamondi ta nanomita ziwiri kapena zitatu. Pambuyo pake m'miyala yotere, monga umene unagwa ku Murchison m'dziko la Australia mu 1969, munapezeka timibulu ta silicon carbide ndi ta graphite. Chimene chimatsimikizira kuti timibulu timeneti tinabadwa dzuwa lisanakhaleko si maonekedwe ake. Pa dziko lapansi, pa maatomu 89 a kaboni-12 pamakhala imodzi ya kaboni-13, koma m'timibuluti chiwerengerocho chimasiyana kutali, kwina kutsika kwambiri kwina kukwera mpaka masauzande, ndipo palibe uve wa m'labotale umene ungadzisandutse chotero. Ngakhale glycine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni a zamoyo, amene anapezeka m'zimene chombo cha Stardust chinabweretsa mu 2006 kuchokera ku nyenyezi ya mchira ya Wild 2 sanavomerezedwe kuti ndi wa kumwamba mpaka mu 2009, pamene anapima kaboni-13 wake n'kupeza kuti ndi wochuluka kuposa wa padziko.

Chaka chino ndapatsidwa wophunzira woyamba woti ndimuyang'anire, mtsikana wachangu amene pa sabata yake yachiwiri anandifunsa chifukwa chake timataya malo amodzi mwa awiri poikapo galasi lopanda kanthu. Sindinamufotokozere ndi mawu. Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa kabotolo kaja, ndinaika kagalasi kofiirirako m'makina, ndipo pa kompyuta panatulukira chigwa chakuya cha pa 3.4 micron, chokongola monga chinalili usiku woyamba. Ndinamupatsa pepala la spectrum ya IRS 7 n'kumupempha kuti andiuze ngati ziwirizo zikufanana. Iye anaziyang'ana mphindi zingapo, anakuza chithunzicho, anaika chala pafupi ndi kaphewa kapakati n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji aka kakuthwa chonchi?" Kenako anadzuka, anatenga magolovesi ndi chigubu cha naitrojeni, n'kuzungulira kuseri kwa chimphika kukaona ngati kachitini kaja kali ndi chipale.